Miyendo yolemera, maso akuthwa: wosewera wotere timuike pati?

Pafupifupi timu iliyonse ya ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka kutsikira ku Moatize ili naye munthu ameneyu. Mpira ukamupeza amauziziritsa ngati wauthira madzi, amadzutsa mutu, n'kupereka pasi imene anthu onse oima m'mbali mwa bwalo sanaiganizire. Koma timu ikalandidwa mpira amabwerera m'mbuyo ngati wasenza thumba la kachewere. Ochemerera amagawikana pawiri. Ena amakuwa kuti "A kochi, mutulutseni ameneyo, tikusewera anthu khumi!" pomwe ena amayankha kuti popanda iye mpira wa timuyo ulibe mutu.

Onsewa amanena zimene aona. Wosewera yemweyo akhoza kukhala chuma Lamlungu lino n'kukhala katundu Lamlungu linalo, iye osasintha kanthu, chifukwa phindu lake limachokera pa zinthu zitatu: malo amene mwamuika, anthu amene mwamuzungulira nawo, ndi bwalo limene mukusewerapo. Malo oti mumuike alipo asanu, kuphatikizapo benchi n'kukhala asanu ndi limodzi, ndipo alionse ali ndi mtengo wake. Walira mvula walira matope. Kochi amene akufuna mapasi ake ayenera kudziwiratu amene adzathamange m'malo mwake.

Yambani mwadziwa pamene akuchedwa

Mawu akuti "ndi wochedwa" amabisa matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Woyamba ndi wa liwiro la mtunda wautali: pa mamita 30 kapena 40 anzake amamusiya. Kwa munthu wosewera pakati vutoli ndi laling'ono, chifukwa pakati pa bwalo mipikisano ya mamita 40 siichitika kawirikawiri. Wachiwiri ndi wa kunyamuka ndi kutembenuka: mamita asanu oyambirira amawayamba mochedwa, ndipo akadutsidwa amatembenuka ngati ngolo. Vuto ili ndi limene limasankha malo ake. Wachitatu ndi wa kuchedwa kumasula mpira, amene amaugwira kanayi kapena kasanu pomwe kawiri kanakwana, n'kupereka pasi imodzi yokongola pa masewero onse imene anthu amaikamba mpaka Lachitatu. Ameneyu kumusuntha malo sikuthandiza. Ayenera kuphunzitsidwa kaye, apo ayi adzakhala akuchedwetsa timu paliponse pamene mwamuika.

Kuyesa kwake sikufuna zipangizo zodula. Yezani mamita 5 ndi mamita 30 ndi tepi ya amisiri, ikani mabotolo, ndipo osewera onse athamange katatu mtunda uliwonse, wina akugwira nthawi pa foni. Nthawi ya pa foni siikhala yolondola kwenikweni pa mtunda waufupi, choncho ndi bwino kuwathamangitsa awiriawiri kuti muone ndi maso amene akutsogola pa sitepe yachitatu. Pa kutembenuka, ikani mabotolo awiri motalikirana mamita 5: athamange, agwire botolo ndi dzanja, abwerere. Pa kumasula mpira, lembani kabwalo ka mamita 10 mbali zonse, anthu asanu kunja, awiri pakati olanda, aliyense osagwira mpira kopitirira kawiri, kwa mphindi zitatu. Werengani mipira imene wataya. Ndipo yang'anani khosi lake. Waluso weniweni amacheuka kumbuyo mpira usanafike, nthawi zina kawiri, ndipo amaulandira ataima chammbali, phewa limodzi litaloza golo ya adani. Amene amayang'ana mpira wokha mpaka utafika kumapazi, n'kuyamba kufunafuna anzake pambuyo pake, ndi wa gulu lachitatu lija ngakhale mapazi ake atakhala okoma bwanji.

Nambala 10, kumbuyo kwa womwetsa zigoli

Awa ndi malo amene aliyense amayamba kuwaganizira, ndipo kwa matimu ambiri a kuno ndi malo amene ife timawaika patsogolo. Chifukwa chake n'chapafupi: akataya mpira amautaya mamita 60 kapena 70 kuchokera pa golo yanu, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu asanu ndi mmodzi oti akonze. Akapambana, pasi imodzi ndi chigoli.

Mbiri ya Juan Román Riquelme imaonetsa bwino mmene malo amasinthira munthu. Atapambana Copa Libertadores ndi Boca Juniors mu 2000 ndi 2001, anapita ku Barcelona mu 2002. Kumeneko kochi Louis van Gaal ankakonda kumuika kumanzere kapena pa benchi, ndipo chaka chimenecho chinangopita. Mu 2003 anabwerekedwa ku Villarreal, timu ya m'tauni yaing'ono. Kochi Manuel Pellegrini atafika anamanga timu momuzungulira: Marcos Senna ankagwira ntchito yakuda kumbuyo kwake, Diego Forlán ankathamangira mapasi ake kutsogolo. Villarreal inamaliza pa nambala 3 mu ligi ya ku Spain mu 2005, Forlán ndi amene anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse, ndipo mu 2006 anafika mu ndime ya matimu anayi omaliza mu Champions League, kumene anatulutsidwa ndi Arsenal, Jens Lehmann atagwira penate ya Riquelme yemweyo. Miyendo yake siinasinthe pakati pa 2002 ndi 2005. Chinasintha ndi anthu oima pambali pake.

Mtengo wa nambala 10 wochedwa ndi anthu asanu. Choyamba pamafunika awiri apakati kumbuyo kwake, monga mu 4-2-3-1 (otchinga anayi, apakati awiri, atatu patsogolo pawo, ndi womwetsa zigoli mmodzi), ndipo mwa awiriwo mmodzi asamachoke pamalo ngakhale timu ikuukira. Mukaika mmodzi yekha, adzakhala akuzimitsa moto mbali ziwiri ndipo pofika mphindi 60 adzakhala atatha kapena atapatsidwa khadi. Chachiwiri, a kumapiko onse awiri ayenera kubwerera mpaka kufanana ndi apakati aja timu ikalandidwa mpira, kuti pakhale mizere iwiri ya anthu anayianayi. Chachitatu, womwetsa zigoli akhale wothamangira kumbuyo kwa otchinga. Apa ndi pamene matimu ambiri amadzipweteka: amaika wamtali wolemera kutsogolo, wochedwa wina kumbuyo kwake, ndiye otchinga a adani amakwera mpaka pa mzere wapakati mopanda mantha, malo onse amene nambala 10 amafuna n'kutsekeka. Ochedwa awiri pamzere umodzi woongoka timu siingawasenze.

Iyenso ali ndi ntchito timu ikakhala yopanda mpira, koma ikhale ntchito imene miyendo yake ingakwanitse. Musamuuze kuti azithamangitsa otchinga a adani, chifukwa amangomuzungulira n'kumusiya, ndipo mpira ukabwera adzakhala akupuma wefuwefu. Muuzeni aime patsogolo pa nambala 6 wa adani, wapakati amene amaima patsogolo pa otchinga awo, mamita awiri kapena atatu, kuti atseke njira ya pasi yopita kwa iyeyo. Imeneyi ndi ntchito ya maso ndi masitepe ochepa, ndipo munthu wodziwa kumene pasi imadutsa amaigwira bwino kuposa othamanga ambiri.

Zimene zimalakwika pa malowa ndi zitatu. Akaona kuti mpira sukumufika amatsika kukautenga kumapazi a otchinga ake, ndiye womwetsa zigoli amatsala yekha ndipo timu imaduka pakati. Mankhwala ake ndi kumulembera malire: asatsike kupitirira bwalo lozungulira la pakati pokhapokha timu ikuteteza kona. Chachiwiri ndi mpira wam'mwamba. Ngati goloboyi wanu amamenya mpira uliwonse kutali, nambala 10 adzatha masewero akuyang'ana kumwamba ngati woyembekezera mvula. Ngati simungasinthe goloboyi, muikeni mamita 8 mpaka 10 kumbuyo kwa amene akulimbirana mpira wa mutu, kumbali imene mpira umakonda kugwera, kuti atole wogwawo. Chachitatu ndi kumakidwa ndi munthu mmodzi womutsatira paliponse. Wochedwa sangamuthawe mlondayo ndi liwiro, koma akhoza kumukoka: apite naye kumbali dala, ndipo mmodzi wa apakati alowe m'malo amene atsala opanda munthu. Zimenezi muziyeserera pa masewero okonzekera, sizibwera zokha.

Ena amati malo a nambala 10 anatha ntchito masiku ano. M'maligi akuluakulu a ku Ulaya achepadi, chifukwa matimu amapanikiza ndi anthu khumi onse. Komabe mu Copa América ya 2024, kochi wa Colombia Néstor Lorenzo anaika James Rodríguez patsogolo pa Jefferson Lerma ndi Richard Ríos, ndipo James anapereka mapasi 6 a zigoli, nasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, Colombia n'kufika mu ndime yomaliza. Angapo mwa mapasiwo anachokera pa makona ndi mipira yoimika, mfundo imene tibwereranso.

Nambala 6, patsogolo pa otchinga

Iyi ndi njira imene achinyamata oonera mpira wa ku Ulaya amaikonda kwambiri, ndipo dzina limene limatchulidwa ndi la Andrea Pirlo. Iye anayamba ngati nambala 10 ndipo ku Inter sanapeze malo. Mu 2001 ali ku Brescia, Carlo Mazzone anamutsitsa kumbuyo chifukwa kutsogolo kunali kale Roberto Baggio. Carlo Ancelotti anapitiriza zomwezo ku Milan, ndipo anapambana Champions League mu 2003 ndi 2007, Pirlo n'kutenganso World Cup ndi Italy mu 2006. Maganizo ake ndi omveka: kumbuyo kuli malo ndi nthawi, munthu amalandira mpira akuyang'ana kutsogolo, ndipo bwalo lonse lili pamaso pake.

Koma onani amene anamuzungulira. Ku Milan kunali Gennaro Gattuso wolanda mipira, ndi Clarence Seedorf kapena Massimo Ambrosini mbali inayo. Ku Juventus, kumene anapita mu 2011 ndipo anatenga ligi ya chaka chimenecho osagonja ngakhale kamodzi, kunali Arturo Vidal ndi Claudio Marchisio m'mbali mwake, ndi Barzagli, Bonucci ndi Chiellini kumbuyo, Bonucci wotha kupereka mapasi aatali Pirlo akatsekeredwa. Ngakhale zinali choncho, njira yomuletsa inadziwika. Mu 2010, Pirlo akadali ku Milan, kochi Alex Ferguson anauza Park Ji-sung kuti amukakamire, ndipo Manchester United inapambana 3-2 ku Milan ndi 4-0 kwawo.

Kwa ife kuno vuto lalikulu ndi nthaka. Pirlo ankalandira mpira pa udzu wosalala wothiriridwa. Mabwalo ambiri a m'maboma athu ndi a dothi louma lokhala ndi zitsa za udzu, timiyala, ndi tinjira ta madzi timene mvula ya Januwale inakumba, ndipo nthawi zambiri pamene pakumbika kwambiri ndi patsogolo pa golo pomwe, pamene nambala 6 amalandirira. Mpira wochokera kwa goloboyi ukagunda chitsa n'kudumphira m'bondo, wothamanga amaukonza ndi sitepe imodzi. Wochedwa kunyamuka amauona ukuchoka mita imodzi, mdani n'kuutenga mamita 25 kuchokera pa golo, kutsogolo kwake kuli otchinga awiri okha amene anali atatseguka kale kuti alandire. Chigoli chamtunduwu chimapha mtima timu yonse, ndipo pambuyo pake otchinga amasiya kumupatsa mpira, amayamba kumenya kutali, ndiye mwatsala ndi nambala 6 amene sakupatsidwa mpira komanso sangalande.

Choncho malowa tingawavomereze pokhapokha zinthu zinayi zitakwanira. Bwalo likhale losalala, monga mabwalo amene amasewerapo Moçambola, ligi yaikulu ya Mozambique. Akhale wa gulu loyamba lija, wochedwa pa mtunda wautali koma wotembenuka bwino. Mukhale ndi othamanga awiri osatopa m'mbali mwake, mu 4-3-3 kapena 3-5-2, odziwa kuti mmodzi akapita kutsogolo wina amatsala. Ndipo akhale wonunkhiza ngozi. Sergio Busquets wa Barcelona sanali wothamanga, koma ankaima pamene mpira wotayika udzagwere usanatayike, ndipo ankadziwa nthawi yochedwetsa mdani mpaka anzake atabwerera. Luso limeneli ndi losiyana ndi luso lopereka pasi, ndipo aluso ambiri alibe. Kuti mudziwe, seweretsani anthu 7 kwa 7 pa theka la bwalo, iye ali pa 6, ndipo musayang'ane mpira: yang'anani kumene iye waima timu yake ikamaukira. Ngati wakokedwa kupita kutsogolo kukasirira zimene zikuchitika, si nambala 6.

Nambala 8 pa atatu apakati

Pakati pa njira ziwirizi pali ina imene siikambidwa mokwanira. Toni Kroos sankadziwika ndi liwiro, koma ku Real Madrid anapambana Champions League katatu motsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, akusewera kumanzere kwa atatu apakati, Casemiro akuteteza, Luka Modrić akunyamula mpira mbali inayo. Marcelo, wotchinga wa kumanzere, akakwera kutsogolo, Kroos ankatsikira m'malo amene iye wasiya, pambali pa otchinga, kumene adani safika msanga, n'kumagawa mpira ali kumeneko.

Ubwino wake ndi wakuti amalandira akuyang'ana kutsogolo ngati nambala 6, koma akataya amatayira kumbali, ndipo pali wina pakati woti atseke. Pa bwalo la dothi m'mbali mumakhalanso mosakumbika kwambiri kusiyana ndi pakati. Choipa chake ndi mtunda. Nambala 8 amayenda kwambiri kuposa 10 ndi 6, choncho malowa ndi a munthu wopanda liwiro koma wokhala ndi mpweya, amene angathamange pang'onopang'ono mphindi 90 osaima. Anyamata ambiri a kumtunda kuno, ozolowera njinga ndi mapiri, mpweya ali nawo, ndipo kwa wotere timaona kuti 8 imaposa ngakhale 10. Samalani chinthu chimodzi: musaike wotchinga wa kumbali wokonda kukwera ndi wa kuphiko wosabwerera kumbali yomweyo imene iye ali, chifukwa adani akalanda mpira adzapeza munthu mmodzi wochedwa akulondera theka la bwalo.

Kuphiko

Makochi ambiri amamukankhira kuphiko pamene sakufuna kumutulutsa koma akuopa kumusiya pakati. Zimachitika ngakhale m'matimu akuluakulu: Mesut Özil anasewera kumanzere pa World Cup ya 2014, ndipo Juan Mata, amene anali wosewera wa chaka ku Chelsea mu 2012 ndi 2013 akusewera kwambiri pakati, anathera nthawi yambiri kumanja ku Manchester United. Zinatheka ndithu nthawi zina, monga zigoli ziwiri za Mata ku Anfield, bwalo la Liverpool, mu 2015, chifukwa iye ankalowa mkati ndi mwendo wamanzere pomwe Antonio Valencia ankathamanga mzere wonse.

M'matimu a kwathu njirayi timaiona kuti ndi yofooka kuposa zonse. Anyamata aliwiro kwambiri a adani amakhala kumapiko, ndipo wotchinga wanu wa mbali imeneyo adzakumana ndi anthu awiri masewero onse. Mzere wa m'mbali umamudyeranso theka la mapasi amene akanapereka. Ngati palibe kuchitira mwina, muikeni kumbali yosiyana ndi mwendo wake kuti azilowa mkati, ndipo wapakati wa mbali imeneyo akhale wolanda mipira.

Kutsogolo kwenikweni

Pali ochedwa ena amene luso lawo lili pafupi ndi golo: amabisa mpira ndi thupi, amamenya ndi miyendo yonse, ndipo amaona mnzawo akudutsa kumbuyo kwawo. Luciano Spalletti anaika Francesco Totti kutsogolo yekha ku Roma, akutsika pang'ono kuti ena adutse, ndipo mu 2007 Totti anamaliza ligi ndi zigoli 26. Teddy Sheringham ankasewera kumbuyo pang'ono kwa Alan Shearer, ndipo pa Euro 96 aliyense anamwetsa ziwiri pamene England inagonjetsa Netherlands 4-1.

Njirayi imafuna thupi, chifukwa amalandira atafulatira golo, wotchinga akumugunda kumsana, ndipo oyimbira a m'mipikisano ya m'midzi sayimba chilichonse chotere. Imafunanso aliwiro awiri kumapiko othamangira mkati mopingasa nthawi imene iye watsika. Akapanda kutero, timu imakhala ndi mpira koma m'bokosi mulibe munthu. Kwa wochepa thupi musayese.

Benchi, ndi nkhani ya dzuwa

Kumuika pa benchi si kumutaya. Mphindi 30 zomaliza adani amakhala atatopa, mizere yawo yatalikirana, ndipo wochedwa amapeza sekondi yowonjezera imene ankaisowa. Malamulo a mpira tsopano amalola kusintha osewera asanu, ngakhale mipikisano ya m'maboma ili ndi malamulo akeake amene muyenera kufunsa musanayambe. Njirayi ndi yabwino pamene mukufuna chigoli ndipo adani abwerera kumbuyo onse. Ndi yoopsa pamene mukutsogola ndi chigoli chimodzi ndipo adani akuponya mipira yaitali, chifukwa pamenepo mukufuna miyendo ndi mitu. Pali njira inanso yotembenuza: ayambe iye, timu igwire mpira ndi kupeza chigoli, ndipo pa mphindi 60 alowe wothamanga. Imeneyi imayenera wosewera wamkulu amene amafuna nthawi kuti alowe m'masewero.

Chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri za mpira, ndipo zimasintha yankho. Ku Ulónguè ndi ku Tsangano, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja, mphepo ya Juni ndi Julayi imalola timu kupanikiza masewero onse, ndipo wochedwa amasowa mpata wopumira. Ku Tete ndi ku Moatize, m'chigwa cha Zambezi, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo palibe timu imene ingathamangitse mpira mphindi 90. Kumeneko munthu amene amathamangitsa mpira m'malo mothamanga yekha mtengo wake umakwera. Timu ya ku Angónia ikamatsikira kuchigwa, anyamata ake othamanga ndi amene amayamba kufooka, ndipo ndi tsiku limene wochedwa uja ayenera kuyamba ndi kumaliza.

Anthu amati tsabola wakale sawawa, koma a Mambas, timu ya dziko la Mozambique, ali ndi chitsanzo china. Elias Pelembe, amene tonse timamudziwa kuti Dominguez, anatchuka ku SuperSport United ndi ku Mamelodi Sundowns ali wa kuphiko waliwiro. Zaka zitapita liwiro linachepa, iye n'kusunthira mkati, ndipo anali m'gulu limene kochi Chiquinho Conde anapita nalo ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024 ali ndi zaka 40. Amene anamuonera atavala jezi ya UD Songo akumbukire mmene ankasankhira poima mpira usanafike. Wosewera wa m'timu yanu amene wafika zaka 32 ndipo akusiyidwa kuphiko mwina akungofunika kusuntha mamita 20 kulowa mkati.

Kuwerenga phindu lake ndi kope ndi cholembera

Mkangano wa pa bwalo sungathe ndi kukuwa, chifukwa wina amakumbukira pasi yokongola, wina amakumbukira pamene anadutsidwa. Patsani munthu mmodzi wa pa benchi kope, alembe mizere isanu, ndipo achite zimenezi masewero asanu otsatizana. Mzere woyamba: mapasi opita kutsogolo amene adutsa mzere wa adani n'kufika kwa mnzake. Wachiwiri: mapasi amene abala shoti, chigoli chilowe kapena chisalowe, chifukwa kuphonya kwa womwetsa si mlandu wake. Wachitatu: mipira imene wataya m'theka la adani. Wachinayi: imene wataya m'theka lanu. Wachisanu: nthawi zimene mdani wamudutsa n'kufika pa otchinga anu akuyang'ana golo.

Mzere wachitatu usakuwopseni. Munthu woyesa mapasi ovuta amataya, ndipo mukamukalipira pa zimenezi adzayamba kupereka mapasi am'mbali opanda ngozi, n'kusanduka wochedwa wamba. Mizere yoyenera kuida ndi wachinayi ndi wachisanu. Ngati ikukwera, musafulumire kumuweruza: onani kaye ngati ali pa malo otsika kwambiri kapena ngati womuteteza akumusiya. Kenaka yerekezani ndi amene angalowe m'malo mwake, pa mizere yomweyo. Kawirikawiri wothamangayo amapambana pa wachisanu koma pa woyamba ndi wachiwiri pamakhala mbee.

Onjezani makona ndi mipira yoimika. Pa bwalo lokumbika, mpira woimika ndi wokhawo umene nthaka siingauwononge, ndipo woumenya safunika liwiro. Ngati waluso wanu ndi amene amamenya, atsale mphindi 15 masewero okonzekera akatha, kawiri pa sabata: makona 10 mbali iliyonse, akuloza malo awiri okha, pa mtengo wapafupi ndi pakati pa mzere wa mamita 5.5 ndi pomenyera penate, kenaka mipira 10 kuchokera mamita 20 mpaka 25, anzake anayi ataima ngati khoma pa mamita 9.15. Agwiritse mpira womwewo wa pa masewero, wopopedwa mofanana, chifukwa mpira wofewa ndi wolimba siuluka chimodzimodzi. Pa kona yanu siyani aliwiro awiri pa mzere wapakati ndi mmodzi kunja kwa bokosi, popeza womenyayo ali pa ngodya ya bwalo ndipo sangabwerere adani akathawa ndi mpira.

Pa nthawi yopuma, wa kope uja akuuzeni chinthu chimodzi musanalankhule ndi timu: wagwira mpira kangati. Ngati sanafike kakhumi m'chigawo choyamba, vuto lili pa njira imene mpira ukuyendera, ndipo mumutsitse kuchoka pa 10 kupita pa 8 kuti aziupeza msanga. Ngati wagwira kambiri koma konse kumbuyo kwa mzere wapakati, mukwezeni, ndipo muuze mmodzi wa apakati kuti ntchito yotulutsa mpira kumbuyo ndi yake. Ngati mdani wamudutsa katatu pamalo amodzi, sinthani womuteteza kapena musinthanitse mbali, ndipo muyang'anenso pa mphindi 60 musanaitane wa pa benchi kuti avule jekete.